Nkhope zobisika pansi pa dzimbiri: momwe X-ray ikubwezera zithunzi zakale

M'nyumba ya azakhali anga ku Chilenje muli chithunzi chimodzi chokha cha ambuya, chojambulidwa pa tsiku la ukwati wawo. Chaka china dzinja litatha, azakhali anachitsitsa pakhoma n'kupeza kuti chachita mawanga. Anatenga kansalu, n'kukanyowetsa pang'ono, n'kupukuta. Theka la nkhope ya ambuya linatsalira pa kansaluko. Nditafika anandionetsa manja akunjenjemera, amvekere, "Mwanawe, ine ndimangofuna kuchotsa fumbi." Palibe amene anawadzudzula, chifukwa aliyense wa ife akanachita chimodzimodzi. Koma kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuwerenga chilichonse chokhudza mmene zithunzi zimafera, ndipo m'kuwerengamo ndinapeza ntchito ya akatswiri a ku Canada imene inandisintha maganizo. Iwo anatenga zithunzi zothimbirira moti palibe diso limene likanaonapo munthu, n'kutulutsa nkhope zake zonse bwinobwino popanda kuzipukuta ngakhale pang'ono.

Zithunzi zimenezi ndi zamtundu wakale kwambiri wotchedwa daguerreotype. Dzinali linachokera kwa Louis Daguerre wa ku France, amene anapitiriza ntchito yomwe anaiyamba ndi Nicéphore Niépce. Niépce anamwalira mu 1833, ndipo njira ya Daguerre inalengezedwa ku Paris mu 1839. Kwa zaka pafupifupi 20 zotsatira, munthu akafuna kujambulitsa nkhope yake ku Ulaya kapena ku America, kawirikawiri ankapatsidwa chithunzi cha mtundu umenewu. Si chapepala ayi. Ndi kachitsulo kaphanthiphanthi ka mkuwa, kokutidwa ndi siliva mbali imodzi, ndipo kambiri kamakwana m'chikhatho. Chilichonse chinali chimodzi chokha. Kunalibe negativu yoti n'kutsukanso china, choncho chikawonongeka, nkhope ya munthuyo yapita.

Kuti timvetse chifukwa chimene X-ray imathandizira, tiyenera kudekha pa mmene ankachipangira, pakuti chinsinsi chonse chagona pamenepa. Wojambula ankapukuta mbali ya siliva ija mpaka iwale ngati galasi loonera nkhope. Kenako ankaifukiza ndi nthunzi ya ayodini m'chipinda chamdima, ndipo pambuyo pake ena anawonjezera bromine kuti ntchito izifulumira. Nthunziyo inkapanga kansalu kopyapyala kwambiri komva kuwala. Akaika kachitsuloko m'kamera n'kutsegula diso, kuwala kochokera pankhope ya munthu kunkasiya chizindikiro chosaoneka ndi maso. Poyamba munthu ankakhala duu kwa mphindi zingapo, n'chifukwa chake ambiri m'zithunzizi amaoneka okwinya nkhope, ndipo ena ankawaikira chitsulo kuseri kwa khosi kuti mutu usagwedezeke.

Ndiyeno pankabwera mercury, chitsulo chonyezimira chokhala ngati madzi. Wojambula ankatenthetsa mercury m'kabokosi n'kuika kachitsulo kaja pamwamba pake, mbali ya siliva itayang'ana pansi. Nthunzi ya mercury inkakakamira pamalo pomwe panagwa kuwala, n'kusakanikirana ndi siliva kupanga timibulu tating'onoting'ono kwambiri, tochepa kutalitali poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Pomwe panagwa kuwala kochuluka, monga pa kolala yoyera kapena pamphumi, timibulu tinkachuluka. Pomwe panali mdima, monga pa jekete lakuda, siliva ankatsala wosalala. Anthu a ku Rufunsa kapena ku Mumbwa amene anaonapo okumba golide akugwiritsa ntchito mercury kukoka golide mu mchenga akudziwa kale khalidwe limeneli, kuti mercury amakonda kugwirana ndi zitsulo zamtengo wapatali. Ndipo poizoni wake ndi yemweyo. Ojambula ambiri a nthawi imeneyo ankadwala chifukwa chopuma nthunziyo, monganso zimachitikira wokumba amene amawotcha msakanizo wake pambaula.

Akamaliza ankatsuka ndi mankhwala ochotsa kansalu komva kuwala kaja, ndipo kuyambira mu 1840, potsatira njira ya Hippolyte Fizeau, ankathirapo madzi okhala ndi golide kuti timibulu tilimbe ndiponso chithunzi chioneke mokoma. Pomaliza ankachitsekera pansi pa galasi m'kabokosi kokongola, chifukwa ngakhale chala chokha chinkatha kufufuta nkhope.

Ndiye taonani chimene diso limaona pa chithunzi chotere. Palibe inki, palibe utoto wakuda. Timibulu timamwaza kuwala mbali zonse, ndiye malo ake amaoneka oyera. Siliva wosalala amangobweza chimene chili patsogolo pake ngati galasi, ndiye ukachigwira moyang'anizana ndi malo amdima, malowo amaoneka akuda. Ukachipendeketsa pang'ono, zoyera zimasanduka zakuda ndipo zakuda zimayera. Chithunzi chonse chimadalira kuti kuwala kufike pa siliva ndi pa timibulu popanda chotchinga.

Chotchingacho ndi chimene chimabwera ndi zaka. Amayi amene ali ndi ndolo kapena sipuni ya siliva amadziwa kuti ikakhalitsa imada. Sulufule wa mumpweya amagwirana ndi siliva n'kupanga kachikungu kakuda, kamene nthawi zina kamaoneka kabuluu kapena kofiirira. Chlorine wochokera mu thukuta la zala kapena mumpweya wa kunyanja amapanga mtambo woyera. Ngakhale galasi lotetezera lija limayamba kutuluka timadontho tomwe timagwera pachithunzi. Kuwonongekaku kumayambira m'mphepete, momwe mpweya umalowera, n'kumalowa m'kati mpaka nkhope yonse itakwiririka. Ndimalitcha dzimbiri chifukwa ndi mawu omwe tili nawo, ngakhale silofanana ndi la khasu.

Kwa zaka zoposa 100 anthu ankachita zomwe azakhali anachita, kungoti iwo ankagwiritsa ntchito mankhwala aukali. Poyamba ankaviika zithunzi mu cyanide. M'ma 1950 anayamba kugwiritsa ntchito mankhwala ena otchedwa thiourea, omwe amapezekanso m'mankhwala otsukira siliva. Chithunzi chinkatuluka chowala tsiku limenelo, mwini wake n'kusangalala, koma mankhwalawo ankadya pang'ono siliva ndi timibulu, ndipo otsalira ake ankabala mawanga atsopano patapita zaka. Zimandipweteka kuganiza kuti nkhope zambiri zinawonongedwa ndi anthu omwe ankazikonda kwambiri, omwe anali ndi ndalama ndi mtima wofuna kuzisamalira, pamene zina zomwe zinangoiwalika m'sutikesi zinapulumuka.

Mu 2018 gulu la ku Western University mumzinda wa London, m'chigawo cha Ontario, linafalitsa zotsatira za kafukufuku wake m'magazini ya sayansi yotchedwa Scientific Reports. Amene anatsogolera kulemba anali Madalena Kozachuk, yemwe panthawiyo anali wophunzira wa digiri ya udokotala, pamodzi ndi aphunzitsi ake, kuphatikizapo Tsun-Kong Sham. Anatenga zithunzi ziwiri zosungidwa ku National Gallery of Canada, za cha m'ma 1850. Pa chimodzi pankaoneka chizimezime cha munthu, pa chinacho pafupifupi panalibe chooneka. Funso lawo linali losavuta kulimva: ngati chithunzi chinapangidwa ndi mercury, ndipo dzimbiri langophimba pamwamba, kodi mercury uja sadakali pomwe anamatira? Ngati alipo, ndiye chofunika ndi njira yomufunsa kuti ali pati ndipo ndi wochuluka bwanji.

Pano ambiri amasokonezeka, chifukwa X-ray yomwe timaidziwa ndi ya kuchipatala. Ukathyoka mwendo n'kupita ku UTH, cheza chimadutsa m'thupi n'kukagwa kuseri, ndipo fupa limaoneka chifukwa latchinga chezacho. Chimene adokotala amaona ndi mthunzi. Njira imeneyo yakhalapo kuchokera pamene Wilhelm Röntgen anatulukira chezachi mu 1895 ku Würzburg. Koma ukaunika daguerreotype mwanjira imeneyo sungapeze zambiri, chifukwa mkuwa wochindikala uja ungamize mthunzi wa timibulu topyapyala. Njira ya gulu la ku Canada ndi ina. Sayang'ana chimene chadutsa, amamvetsera chimene chabwerera. Dzina lake ndi X-ray fluorescence, ndipo anthu a m'migodi amangoti XRF.

Ganizirani za chingerengere cha galimoto chopachikidwa pamtengo kusukulu ya pulayimale. Ukachimenya chimalira mawu ake. Ukamenya khasu limalira mawu ena, botolo enanso. Ngakhale utatsinzina, khutu limakuuza chomwe chamenyedwa. Maatomu nawonso ali choncho. Atomu iliyonse ili ndi maelekitironi okhala m'magulu, ena pafupi ndi pakati, ena kunja. Cheza cha X-ray champhamvu yokwanira chikagunda atomu, chimachotsa elekitironi imodzi ya gulu la m'kati. Malo aja sakhalitsa opanda kanthu, elekitironi ya gulu lakunja imagweramo, ndipo pogwapo imatulutsa cheza chakechake. Mphamvu ya cheza chotulukacho imadalira mtundu wa atomu, ndipo sisintha. Henry Moseley wa ku England ndi amene anasonyeza mu 1913 kuti mphamvuyi imayenda motsatira nambala ya atomu. Mkuwa, yemwe nambala yake ndi 29, amayankha pa mphamvu ya pafupifupi 8.0 keV. Golide, nambala 79, ali ndi liwu lake pa 9.7 keV. Mercury, nambala 80, amayankha pa pafupifupi 10.0 keV. KeV ndi muyeso wa mphamvu ya cheza basi, monga mmene kilogalamu ulili muyeso wa kulemera.

Ife a ku Zambia sitiyenera kuiona njirayi ngati yachilendo. Akatswiri a miyala ku Copperbelt ndi ku Solwezi amayenda ndi kachipangizo kooneka ngati mfuti, amakagunditsa pamwala, ndipo m'masekondi ochepa kamawauza kuchuluka kwa kopa kapena cobalt. Ofufuza za mtovu m'dothi la ku Kabwe agwiritsanso ntchito zipangizo zoterezi. Sayansi yake ndi yomweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti mfuti ija imaunika malo aakulu ngati njere ya nyemba n'kupereka nambala imodzi, pamene kuti utulutse nsidze ndi milomo ya munthu uyenera kuunika timalo mamiliyoni, kalikonse kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi.

N'chifukwa chake anapita ku makina otchedwa synchrotron. Ndi chimpaipi chachikulu chozungulira, momwe maelekitironi amathamangitsidwa pa liwiro loyandikira la kuwala. Maginito akawakhotetsa, amatulutsa cheza chowala kwambiri kuposa cha makina a kuchipatala, ndipo chezacho amachilowetsa m'tizipinda ta ofufuza tomwe tazungulira chimpaipicho. Ya ku Saskatoon, yotchedwa Canadian Light Source, ndi yotalika mamita pafupifupi 171 kuzungulira. Ya ku Cornell University m'boma la New York, komwe anaunikira zithunzi ziwiri zija, ili m'ngalande ya pansi pa nthaka yotalika mamita 768. Chezacho amachisongola kukhala kansonga kopyapyala, chithunzi amachiika pa chogwirira choyenda ndi mota, ndipo chimayendetsedwa mzere ndi mzere monga mmene munthu amalimira mizere m'munda osadumpha. Pa kadontho kalikonse chipangizo chomvetsera chimawerenga kuti cheza cha mercury chabwerera chochuluka bwanji. Kompyuta imaika kadontho koyera pomwe mercury wachuluka, kakuda pomwe palibe, kotuwa pomwe ali wapakatikati.

Tiyeni tiwerengere tokha kuti tione kukula kwa ntchito. Kachitsulo ka masentimita 7 m'lifupi ndi 8 m'litali, tikamasuntha mtunda wa ma micron 25 pa sitepe iliyonse (milimita imodzi ili ndi ma micron 1,000), kamafuna masitepe 2,800 mbali imodzi ndi 3,200 mbali inayo. Tikachulukitsa tipeza timadontho pafupifupi 9 miliyoni. Ofufuzawo ananena kuti chithunzi chimodzi chinkatenga maola pafupifupi 8. Ndiye kuti kadontho kalikonse kamangopatsidwa kachigawo kochepetsetsa ka sekondi. Vuto lina n'lakuti mkuwa wa pansi uja nawonso umayankha, ndipo umafuula kwambiri moti ukhoza kugonthetsa chomvetsera. Ku Cornell anagwiritsa ntchito chomvetsera chotchedwa Maia, chokhala ndi timakutu 384 tomvera nthawi imodzi, chomwe chinapangidwa ndi bungwe la CSIRO la ku Australia mogwirizana ndi Brookhaven National Laboratory ya ku America. Popanda chipangizo chachangu chotero, ntchito ya maola ikanatha masiku.

Pali kanthu kamodzi kamene kamandikoma kwambiri pa nkhaniyi. Golide ndi mercury ndi oyandikana nyumba, 79 ndi 80, ndipo mawu awo amafanana moti n'zosavuta kuwasokoneza. Kumbukirani kuti zithunzi zambiri zinathiridwa golide paliponse. Koma aliyense ali ndi mlingo wake womwe amayambira kuyankha ndi liwu limeneli. Golide amafuna cheza choposa 11.9 keV, mercury amafuna choposa 12.3 keV. Ubwino wa synchrotron ndi woti ukhoza kusankha mphamvu ya cheza monga mmene umasankhira siteshoni pa wailesi. Ukaika pakati pa manambala awiriwa, golide amayankha, mercury ali chete. Ukakweza kufika cha pa 13 keV, onse amayankha. Ukayerekeza ziwirizo umadziwa gawo la aliyense. Gulu la a Sham linapitiriza ntchito yotere ku Saskatoon ndipo linafalitsa zotsatira zina mu 2024, zosonyeza kuti ngakhale pa zithunzi zothimbirira kwambiri nkhope imatuluka malinga ngati timibulu tilipo.

Nanga dzimbiri lija silitchinga? Kwa kuwala wamba limatchinga, chifukwa kuwala komwe maso athu amaona kumaima pa kachikungu kopyapyala kwambiri. Kwa cheza cha mphamvu imeneyi kachikunguko ndi ngati nsalu ya neti, chimalowa ndi kutuluka mosavutika. Komanso dzimbiri ndi la siliva wosakanikirana ndi sulufule, chlorine ndi oxygen, mulibe mercury, ndiye kompyuta ikauzidwa kuti imvere mercury yekha, dzimbiri silioneka n'komwe. Pa zithunzi za ku National Gallery of Canada panatuluka mayi wina ndi bambo wina, maso, tsitsi, mapindo a zovala, zonse zili mbee. Mayina awo sadziwika. Anakhala mumdima zaka zambirimbiri ali pomwepo, m'manja mwa anthu omwe ankawaona ngati zitsulo zongophunzirirapo.

Njirayi inayamba kutchuka pa zinthu zina isanafike pa zithunzi. Mu 2008 Joris Dik ndi Koen Janssens anagwiritsa ntchito synchrotron ya ku Hamburg kutulutsa nkhope ya mayi imene Vincent van Gogh anaipenta kenako n'kupentapo udzu pamwamba. Kumenekonso mercury anathandiza, chifukwa anali mu utoto wofiira.

Malire ake alipo ndipo ndi ofunika kuwanena mosabisa. Kachitsulo kenikeni sikasintha, kamabwerera mu shelefu kali kakuda monga kanalili, ndipo nkhope imakhala pa kompyuta. Kwa ine zimenezi ndi zabwino, chifukwa palibe chachotsedwa, ndipo a mawa amene adzakhale ndi njira zoposa izi adzapeza zonse zili momwemo. Mitundu yambiri yomwe ojambula ena ankapaka ndi burashi pamasaya sioneka pa mapu a mercury. Ndipo pomwe wina anakwecha, kapena pomwe mankhwala anadya timibulu, palibe chobwerera. X-ray sipeka nkhope, imangowerenga zomwe zatsala. Apa ndi pomwe imasiyanirana ndi maapu a pafoni omwe achinyamata a m'mastudiyo a ku Kamwala ndi mu Cairo Road amagwiritsa ntchito "kukonza" zithunzi zakale. Maapu amenewo akapeza malo ofufutika amadzaza ndi mphuno ndi maso zongoganizira, zochokera pa nkhope za anthu ena, ndipo umabwerera kunyumba ndi munthu wokongola yemwe si ambuya ako.

Wina angafunse kuti nkhaniyi ikutikhudza bwanji kuno, poti Lusaka inayamba mu 1905 ngati poimira sitima ndipo inakhala likulu mu 1935, nthawi ya daguerreotype itapita kalekale. Ngakhale pa ulendo wa David Livingstone wa mu Zambezi kuyambira 1858, Charles Livingstone ndi John Kirk ankajambula ndi njira zatsopano za galasi ndi pepala. Koma anthu a mu Africa alimo m'zitsulo zimenezi. Charles Guillain, kaputeni wa sitima yankhondo ya ku France, anajambula anthu a m'mphepete mwa nyanja kum'mawa kwa Africa pakati pa 1846 ndi 1848, ndipo zitsulo zake zimasungidwa ku Musée du quai Branly ku Paris. Augustus Washington, munthu wakuda wa ku America, anasamukira ku Liberia mu 1853 n'kutsegula studiyo ku Monrovia. Nkhope zimenezi ndi zina mwa zoyambirira za anthu a kontinenti yathu zomwe kamera inagwira, ndipo siliva wake amathimbirira monga wina aliyense. Chomwe chimandiwawa n'chakuti mu Africa monse mulibe synchrotron ngakhale imodzi. Asayansi athu anachita msonkhano woyamba wa African Light Source mu 2015 ku Grenoble, ku France, pofuna kuti tidzakhale nayo yathu. Mayiko a ku Middle East anatsegula yawo, yotchedwa SESAME, ku Jordan mu 2017, zomwe zikusonyeza kuti mayiko akasonkherana n'zotheka. Pakadali pano kuli makina ang'onoang'ono a XRF oyenda mzere ndi mzere omwe nyumba zina zosungiramo zinthu zakale zimagula. Sathamanga kapena kuona bwino ngati synchrotron, koma amakwana m'chipinda chimodzi, ndipo dziko lomwe lili ndi akatswiri a miyala ambiri ngati lathu silingasowe anthu owayendetsa.

Za zithunzi zomwe zili m'nyumba zathu, ku National Archives of Zambia, ndi ku Livingstone Museum, nkhani imagawikana pawiri. Zakuda ndi zoyera zambiri zinapangidwa ndi tinjere ta siliva tokhala m'kansalu ka gelatin, chinthu chonga guluu, pamwamba pa pepala. Zikafwifwa kapena kusanduka zachikasu, nthawi zambiri siliva amakhala wasintha mtundu koma akadali pafupi ndi malo ake, choncho pali chitsulo choti n'kufunsa. Zamitundu zomwe tinkatsukitsa m'ma 1980 ndi m'ma 1990 n'zosiyana. Siliva amachotsedwa potsuka, chotsala ndi utoto wopanda chitsulo cholemera, ndipo utoto ukafwifwa ndi dzuwa XRF ilibe choti imve. Zithunzi za ubatizo ndi za kitchen party zomwe timaziona ngati zatsopano ndi zimene zili pangozi yaikulu, makamaka zopachikidwa moyang'anizana ndi windo.

Cha ambuya ndi cha gelatin. Gelatin ikamwa chinyezi imafewa ngati phala, ndipo nkhungu imaidya, n'chifukwa chake kansalu konyowa kanangoikokolola pamodzi ndi siliva wake. Mbali yomwe inapukutidwa ndi pepala loyera tsopano, palibe makina a ku Saskatoon kapena kwina omwe angapezepo kanthu. Mbali inayo, yomwe azakhali anaileka ataona zomwe zikuchitika, ili ndi mawanga ake onse, ndipo pansi pa mawangawo diso limodzi ndi mphepete mwa duku zikuoneka mwa apo ndi apo. Tinachijambula ndi foni masana pamthunzi, tinachichotsa mu felemu lomwe linkagunda khoma lonyowa, tinachikulunga m'pepala loyera losalembedwa, ndipo chili m'dirowa yam'mwamba m'chipinda cha azakhali, mmene simulowa dzuwa. Ana akabwera kudzachiona, azakhali amachitulutsa okha, atagwira m'mphepete.